Masokosi Oyera a Wilf Pargeter

Wilf Pargeter anamupeza atafa pansi pa makwerero a m'chipinda cha moto nthawi itatsala pang'ono kukwana 2 koloko masana, tsiku lomwe analandira kalata yoti mkazi wake Ada wachira, mwana wamwamuna. Khosi linali litathyoka. Pambali pake panaima Con Dooley, fosholo ya malasha ili m'manja. Pa anthu makumi asanu ndi awiri a m'sitima ya nkhondo ya Wenning, panalibe amene sankadziwa kuti mkazi ameneyo anayamba kumufunsira ndi Dooley, Pargeter n'kudzamulanda.

Kaputeni Fanshawe anaweruza mlanduwo asanavule n'komwe magolovesi ake oyera.

"Mutsekereni," anatero. "Tikafika ku Harwich dzuwa likamalowa, asilikali adzamutenge. Ino ndi nthawi ya nkhondo, a Garrod. Chingwe boma lili nacho chokwanira."

"Chabwino, bwana."

Septimus Garrod ndiye ankagwira chiwongolero nkhondo ikavuta, ndiye ankagawa ramu, mowa woukira wa amalinyero, tsiku lililonse masana, ndiponso ndiye anali wapolisi wa m'sitimamo, poti sitima yaing'ono ngati imeneyo inalibe malo osungiramo anthu atatu pa ntchito zitatu. Anali atakhala mu Wenning zaka khumi ndi ziwiri, chiimangireni mu 1904. Anaidziwa ili yatsopano, mphumi yake itatukuka kuti mafunde asamakwere pamutu pa anthu, malata ake opyapyala ngati chitini cha mabisiketi kuti izitha kuthamanga. Tsopano inali nkhalamba yotsokomola utsi, ntchito yake kuperekeza sitima za nyama ndi batala kuchokera ku Holland kuti Ajeremani asazimize. Makaputeni asanu ndi mmodzi anadutsamo. Uyu wachisanu ndi chiwiri anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ankakhulupirira kuti nkhondo ikuchedwa kutha chifukwa anthu sapukuta bwino mkuwa.

Garrod anali ndi maola anayi. Anali ndinso kanthu kena kakang'ono komwe sanauze kaputeni. Masanawo pogawa ramu, Pargeter anamuonetsa kalata ija maso ali gwa ndi misozi, ndipo Garrod anamupatsira kapu yake. "Nyowetsa milomo, bambo wa mwana." Lamulo limaletsa kupatsana ramu. Lamulo limeneli aliyense ankalilemekeza monga mmene amalemekezera agogo ogontha.

Garrod anavundukula chinsalu chomwe anafunditsa malirowo. Anayang'ana khosi, anayang'ana manja. Batani lapakhosi linali lomasula. Atawerama anamva fungo la anyezi lamphamvu zedi, ngati munthuyo anatafuna wathunthu. Kenako anafika kumapazi.

Pargeter analibe nsapato. Anavala masokosi a ubweya oluka mkazi wake, ndipo kunsi kwake kunali koyera ngati angowachotsa kumene pachingwe.

* * *

Eli Tunnicliffe, mkulu wa osonkha moto, anayankha ataima chilili, chipewa atachigwira pachifuwa ngati ali m'tchalitchi. Kwawo ankalalikirako Lamlungu madzulo abusa akadwala.

"Ndinena zomwe maso anga aona, a Garrod, osawonjezera, pakuti pa mawu aliwonse tidzayankha. Pa ntchito tinalipo awiri, ine ndi Dooley. Ine ndinalowa m'nkhokwe ya malasha kukaona otsala. Potuluka ndinapeza m'bale wathu ali gone, Dooley ataima pamutu pake."

"Munamva akukangana?"

"Mafani opopa mphepo aja amasokosera. Sindingapachike munthu ndi zomwe sindinamve."

"Koma mungamupachike ndi zomwe munaona."

"Ine sindipachika munthu. Ndi lamulo."

"Pargeter sanali pa ntchito. Ankafunamo chiyani m'chipinda cha moto?"

"Mwina kudzanyadira mnzake za mwanayo. Mtima wa munthu ndi wonyenga."

"Anatsika yekha?"

"Bokosi lija mumalidziwa, a Garrod. Simulowa awiri."

Garrod ankalidziwa. Amisiri omwe anamanga Wenning anafuna liwiro, ndipo liwiro limafuna moto wolusa. Tsono chipinda cha moto anachitseka ngati botolo, mafani n'kumakankhiramo mphepo kuti ing'anjo zizililima. Polowera anaikapo kachipinda kokwana munthu mmodzi, chitseko pamwamba, chitseko pansi. Umatsegula chapamwamba, kulowa, kuchitseka, kenako n'kutsegula chapansi. Anyamata ankakatcha Bokosi chifukwa muyeso wake unali womwewo. Wosonkha moto aliyense ankaphunzitsidwa tsiku loyamba kuti zitseko ziwirizo sazitsegulira pamodzi. Ukatero mphepo yonse imathawira kumwamba, ndipo moto umatuluka pakamwa pa ng'anjo kuilondola.

"Nsapato zake zili kuti?" anafunsa Garrod.

Tunnicliffe anatembenuza chipewa kamodzi. "Nsapato?"

"Pitani mukagwire ntchito, abusa."

* * *

Dooley anamutsekera mosungira penti, kutsogolo kwenikweni kumene sitima imadumpha kwambiri. Anakhala pa chigubu, chimunthu chachikulu, mutu uli pansi.

"Con, ndiuze," anatero Garrod.

"Palibe choti ndinene, mdala."

"Akakupachika."

"Ndamva. Makoma ake ndi a pepala, kaputeni akayankhula timamva mpaka kuchimbudzi."

"Unamumenya?"

Garrod anapitiriza yekha.

"Mwezi wathawu pa doko unamuuza pagulu kuti udzamuponya m'ng'anjo."

"Ndinamuuzanso kuti amayi ake ndi nkhanu. Kodi amayenda chammbali?"

"Tadzutsa mutu ndikamayankhula nawe."

Dooley anadzutsa. Garrod anasendeza nyali pafupi. Nkhope inali yakuda ndi malasha monga mwa masiku onse, koma panali china chosowa, ndipo zinamutengera kanthawi kuti achizindikire. Nsidze kunalibe. Tsitsi lapamphumi linali litafota, zikope zitatupa.

"Wapsa liti?"

"Ntchito yathu ndi ya moto."

"Pa mzere wa ramu masana ano unali nazo nsidze. Ndikukumbuka chifukwa n'zonyansa."

Dooley anatsala pang'ono kuseka. Kenako anagwira dzanja la Garrod, n'kulifinya mpaka kupweteka.

"Zisiyeni, mdala. Ada ali ndi khanda la masiku anayi. Mwamuna wake akakhala kuti waphedwa ali pa sitima ya mfumu, boma limusamala iye ndi mwanayo. Mukafukula zinazo mumusiya m'manja muli mbee. Ine ndilibe wondilira. Zisiyeni."

"Zinazo ziti?"

Dooley anabweza mutu pansi, ndipo sanaudzutsenso.

* * *

Kaputeni anali pamwamba poyendetsera, akuyang'ana nyanja ndi maso a munthu amene akudikira wojambula chithunzi.

"Pepani bwana, kodi masana ano kunachitika chachilendo chilichonse chisanadze chija?"

"Chachilendo? Manyazi, a Garrod, osati chachilendo. Chumuni chakutsogolo chinalavula chiutsi chakuda choti Mjeremani ali ku Berlin akanachiona ali pa khonde. Ndinawakalipira m'paipi yoyankhulira. Palibe anayankha. Ndinalemba." Anatsegula buku la ulendo n'kuloza ndi chala cha golovesi. "Mphindi khumi isanakwane 2 koloko. Ine zinthu sizindidutsa."

"Sizikudutsani, bwana. Utsiwo unatha msanga?"

"Nditangokalipa."

"Ndipo 2 koloko munali ndi ulendo woyendera mogona anyamata."

"Ndinalengeza 1 koloko. Ndimawapatsa ola lathunthu kuti asadzanamizire. Fumbi ndikalipeza pa golovesi, mlandu."

"M'chipinda cha moto mumayenderamonso, bwana?"

Fanshawe anamuyang'ana ngati wamufunsa ngati amadya ndi manja. "Nditavala izi?"

Garrod anatsika pang'onopang'ono, akuyala zinthu m'mutu. Utsi wadzidzidzi wotero umabwera mphepo ikathawa m'chipinda cha moto. Ndiye kuti zitseko zonse ziwiri za Bokosi zinatseguka pamodzi. Nthawi yomweyo moto unatuluka n'kunyambita nkhope ya munthu amene anaima pakamwa pa ng'anjo, ndipo ng'anjo ili kutali ndi makwerero mapazi khumi ndi asanu. Dooley sakanakhala kuwiri. Nanga munthu wa zaka zisanu ndi zinayi pa ntchito ya moto ngati Pargeter angatsegule bwanji zitseko zonse? Sanatsegule. Munthu amene masokosi ake sanaponde pansi m'sitima ya malasha sanayende yekha.

Panatsala anyezi.

* * *

Obadiah Thrower, wophika, anali m'kakhitchini kake kofanana kukula ndi kabati, akusenda mbatata ndi dzanja lamanzere. Lamanja analikulunga chinsanza.

"Aaa, boma lafika! Mukamange supu uyu, a Garrod, ndi amene wapha anthu ambiri m'sitima muno kuposa Kaiser wa Ajeremani."

"Dzanja latani?"

"Mpeni. Zaka makumi atatu tili pa ukwati, lero wandiluma."

"Tamasula ndione."

"Mwayamba udokotala? Ndiye mundionenso kumbuyoku, kuli kachithupsa kofanana ndi kaputeni."

"Obadiah."

Anamasula. Panalibe bala la mpeni. Zala zinayi zinali zakuda bii, zitatupa mzere umodzi, monga zimachitira chitsulo cholemera chikazitswanya.

"Mpeni wako ndi wobuntha," anatero Garrod. Anasuzumira pansi pa chitofu, n'kusolola nsapato ziwiri zomangidwa pamodzi ndi zingwe zake. M'kati mwa lilime la iliyonse munalembedwa W.P. Anaziika pa thebulo pakati pa mbatata. "Anyezi unamudyetsa angati?"

Nthabwala zinathera pomwepo. Thrower anakhala pa thumba la ufa.

"Mmodzi. Theka analavula."

"Yamba poyambira."

"Mwana, a Garrod. Mwana woyamba. Ungamukanize bwanji munthu? Ine ndinangomupatsa kakumwa kamodzi, kungonyowetsa. Sindinadziwe kuti wazungulira sitima yonse ndi kalata ija. Pofika 1 koloko anali atagwa pansi pa thebulo, sakudziwa dzina lake. Ndiye tikumva kaputeni akubwera ndi magolovesi. Kuledzera panyanja nthawi ya nkhondo, mukudziwa inu. Iyeyo ndende, ife tonse milandu, ramu kuimitsidwa sitima yonse. Tinamuvula nsapato, kumumasula pakhosi, kumuthira madzi, kumudyetsa anyezi kuti fungo la mowa lisamveke. Osatheka. Eli ndiye anati tikamubise kumene bwana safikako."

"M'chipinda cha moto."

"Kuseri kwa malasha, kofunda bwino, agone mpaka madzulo. Timamuchitira chifundo, a Garrod! Tinamunyamula awiri. Koma Bokosi lija silinamangidwire munthu wogona. Eli anatsika, n'kutsegula chapansi kuti amulandire. Ine pamwamba ndamugwira m'khwapa, chitseko changa ndachitchinga ndi phewa. Tinati kamphindi chabe." Anayang'ana zala zake. "Mphepo ija inabwera ngati ng'ombe. Chitseko chinandimenya. Ndinangomva manja apepuka."

Mbatata imodzi inagubuduka pa thebulo sitima itapendama, n'kubwerera.

"Ndiye mwasiya Con akafere zimenezi."

"Eli anati tidikire, mwina akhululukidwa. Anati tikanena, Ada sapatsidwa kanthu. Con nayenso anatero, maso atangotseguka. Tonse tagwirizana, a Garrod."

"Mwagwirizana kuti apachikidwe iyeyo. Kugwirizana kwabwino."

* * *

Garrod anawasonkhanitsa mogona osonkha moto, onse omwe sanali pa ntchito, pamodzi ndi ena a pamwamba. Anaima mothinana pansi pa denga lodontha, mitu itawerama chifukwa amisiri aja sanaganizepo zoti anthu amatalika. Tunnicliffe anali kutsogolo. Ataona nsapato m'manja mwa Garrod, milomo yake inayamba kuyenda popanda mawu.

"Sindikufunsa amene anamugwetsa," anatero Garrod. "Ameneyo ndamudziwa. Ndikufunsa amene anamupatsa."

Palibe anagwedezeka.

"Chabwino. Ndiyamba ine."

Anakweza dzanja lake. Anthu anayang'anizana. Kumbuyo dzanja lina linakwera, kenako lina. Wina anati, "Ine kanali kakang'ono zedi," mnzake n'kumuyankha, "Tonse kanali kakang'ono, chitsiru iwe." Thrower anakweza lachinsanza lija. Lomaliza linali la Tunnicliffe, amene sankamwa n'komwe koma ankalandira gawo lake kuti azisinthanitsa ndi sopo.

Garrod anawerenga kawiri. Manja makumi awiri ndi atatu.

"Pali wina sali pano," anatero Tunnicliffe ndi mawu osasa, ulaliki utamuthera. "Con. Ifetu timapereka kakumwa. Iye anapereka kapu yonse. Anaimirira pamaso pa tonse n'kunena kuti, 'Wilf, zathe. Mwanayo akule.' Anagwirana chanza. Kapu imeneyo ndi yomwe inamugwetsa pansi pa thebulo."

Kunja wina anafuula kuti nyali ya ku Harwich yaoneka.

* * *

Kaputeni anamvetsera ali m'kachipinda kake, cholembera chili m'manja, kalata yopereka Dooley kwa asilikali ili pa thebulo itatsala siginecha yokha. Garrod ananena zonse mwadongosolo: masokosi, nsidze, anyezi, zala.

"Ndipo chomwe chatsegula mlandu wonse ndi utsi uja munalemba, bwana. Popanda nthawi imene ija sindikanafika patali."

"Ndinakuuzani kuti sizindidutsa." Anakhala tsonga. "Mayina. Onse amene anapereka ramu."

"Alipo makumi awiri ndi anayi, bwana. Loyamba lembani Garrod."

Cholembera chinaima m'malere.

"Makumi awiri ndi anayi?"

"Pa anthu makumi asanu ndi awiri. Akuluakulu ku doko adzafuna kudziwa kuti munthu mmodzi pa atatu alionse anaswa bwanji lamulo masanasana, m'sitima yomwe ikuperekeza katundu pakati pa adani. Adzafunsanso chomwe anyamata ankaopa mpaka kukabisa mnzawo kumoto. Ine ndidzayankha zoona, bwana. Ndidzati magolovesi."

Fanshawe anayang'ana manja ake. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni m'sitimamo anaoneka wa msinkhu wake weniweni.

"Mukundiopseza, a Garrod?"

"Ayi bwana. Ndikukuuzani kumene kuli miyala. Ndi ntchito yanga."

Injini zinatsitsa mawu, sitima ikulowa pa mtsinje. Kenako kaputeni anavula magolovesi, chala chimodzichimodzi, n'kuwaika m'dirowa. Anang'amba kalata ija. Anatenga pepala lina n'kulemba akuwerenga mokweza: "Wosonkha moto W. Pargeter anagwa pa makwerero a m'chipinda cha moto sitima ili panyanja, zitseko zonse ziwiri zitatseguka mwangozi." Anadzutsa mutu. "Muli bodza mmenemu?"

"Mulibe, bwana. Mwangochepa zoona."

"Zikwanira mkazi wake. Dooley mutulutseni. Tunnicliffe ndamutsitsa, abwerere ku fosholo. Ndipo inu, a Garrod, wina ayenera kulipa. Mizere itatu ya khalidwe labwino ili pa mkono wanuyo, mawa ndisaione."

Mizere imeneyo inamutengera zaka khumi ndi zitatu.

"Chabwino, bwana."

Mizereyo Garrod anaisosola yekha ndi kampeni ka Thrower, amene anayesa kunena kanthu koseketsa n'kulephera. Pamalo pake panatsala nsalu yakuda kuposa ina yonse, poti dzuwa linali lisanafikepo.

Dooley atatulutsidwa sanathokoze. Anafunsa chimodzi chokha: "Ada amuuza chiyani?"

"Kuti anagwa pa makwerero."

"Basi?"

"Basi. Ndi kuti kalata yake inafika, anaiwerenga, anaionetsa sitima yonse."

* * *

Mawa lake masana Wenning inali pa doko ikudikira malasha. Garrod anaima pa mgolo wa ramu monga mwa masiku onse, anthu ali pa mzere. Aliyense anamwera gawo lake pomwepo, pamaso pake, mpaka kapu kuuma, osayang'ana mnzake. Palibe anachita kuwauza.

Mzere utatha, m'chibekete cha osonkha moto munatsala gawo limodzi. Dzanja la Garrod linali litayeza monga linazolowerera, osachotsera la Pargeter.

Lamulo limati ramu wotsala atayidwe m'nyanja. Anthu anaima mozungulira chibeketecho ngati muli njoka. Kenako Dooley anatambasula dzanja, n'kuthira ramuyo m'kapu, n'kuyang'ana Garrod. Garrod anayang'ana kumwamba, kumene kunalibe chilichonse choti aone.

Dooley anapita pa Bokosi. Anatsegula chitseko chapamwamba, analowa, anachitseka bwinobwino. Anamumva akutsegula chapansi. Tunnicliffe, amene anali pa fosholo tsiku limenelo, anadzanena pambuyo pake kuti Dooley anatsegula ng'anjo n'kukhuthuliramo kapu yonse, ndipo lawi linakwera lobiriwira kamphindi, n'kubwerera kufiira kwake.

Pa chumuni sipanatuluke utsi woti kaputeni alembe.